Kamera yaing'ono ya akatswiri yojambulira kanema

Kamera yaing'ono ya akatswiri yojambulira kanema ndi kamera ya digito yopepuka moti munthu mmodzi angathe kuinyamula m'manja, koma yotulutsa zithunzi zoyenera kuonetsedwa pa wailesi ya kanema kapena m'nyumba zoonetsera mafilimu. Makamera ambiri a mtunduwu sapitirira kilogalamu imodzi ndi theka asanaikidwe lenzi, ndipo lenzi yake imachotsedwa n'kuikapo ina malinga ndi ntchito.

Makamerawa amagwira ntchito ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kujambula mafilimu amene amakakonzedwa pa kompyuta pambuyo pake. Yachiwiri ndi kuulutsa zochitika pompopompo, monga mpira, misonkhano, maukwati ndi zoimbaimba. Kamera imodzi ikhoza kugwira ntchito zonse ziwiri, koma zimene ntchitozi zimafuna zimasiyana, ndipo nthawi zina zimatsutsana. N'chifukwa chake akatswiri posankha kamera amayamba ndi kufunsa ntchito imene idzagwire, asanafunse za dzina la kampani kapena kuchuluka kwa mapikiselo.

Mbiri

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mafilimu akuluakulu ankajambulidwa pa filimu ya mamilimita 35, ndipo nyumba zoulutsira kanema zinkadalira makamera olemera onyamula paphewa, monga a Betacam a kampani ya Sony. Zipangizozi zinali zodula kwambiri moti ojambula ambiri ankangobwereka. Makamera otsika mtengo a DV analipo, koma sensa yake inali yaing'ono ndipo zithunzi zake sizinkafanana ndi za filimu.

M'chaka cha 2007 kampani ya RED ya ku America inatulutsa RED One, kamera ya digito yojambula 4K, pa mtengo wa madola 17,500. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 2008, pamene makamera awiri ojambulira zithunzi wamba, Nikon D90 ndi Canon EOS 5D Mark II, anayamba kujambulanso vidiyo. Canon 5D Mark II inali ndi sensa yaikulu ndipo inkajambula 1080p. Mu 2010 inagwiritsidwa ntchito pojambula gawo lomaliza la chigawo chachisanu ndi chimodzi cha sewero la pa kanema la House. Komabe inali ndi zofooka: inkasiya kujambula pakatha mphindi pafupifupi 12, ndipo inalibe polowetsera maikolofoni a akatswiri.

Makampani ataona kuti anthu akufuna zithunzi zamtundu umenewu m'kamera yaing'ono, anayamba kupanga makamera a vidiyo yokhayokha. Canon inatulutsa C300 mu 2011. Blackmagic Design, kampani ya ku Melbourne ku Australia yomwe inayambitsidwa ndi Grant Petty, inatulutsa Pocket Cinema Camera mu 2013 pa mtengo wa madola 995. Panasonic GH4 ya mu 2014 inabweretsa 4K m'kamera yotsika mtengo, ndipo mu 2015 kampani ya ARRI ya ku Germany inatulutsa Alexa Mini, yomwe inatchuka kwambiri m'mafilimu akuluakulu.

Kumbali ya kuulutsa pompopompo, chakumapeto kwa 2019 Blackmagic inatulutsa ATEM Mini, makina aang'ono osakanizira zithunzi za makamera anayi, pa madola 295. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, masukulu, mabungwe ndi oimba ambiri anasamukira pa intaneti, ndipo zipangizo zoterezi zinafunidwa kwambiri. Mu 2023 filimu ya The Creator, yotsogoleredwa ndi Gareth Edwards, inajambulidwa makamaka ndi Sony FX3, kamera yolemera magalamu pafupifupi 715, ndipo inaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetsera mafilimu padziko lonse.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizi

Wojambula filimu ali ndi nthawi. Amatha kubwereza gawo limodzi kangapo, kusintha lenzi, kukonza nyali, ndipo mitundu amakaikonza pa kompyuta. Chimene amafuna ku kamera n'choti isunge zambiri za chithunzi mmene ingathere, kuti pokonza akhale ndi ufulu.

Woulutsa pompopompo alibe mwayi wobwereza. Chigoli chikalowa kamera itazima, chapita. Iye amafuna kamera yojambula maola angapo osaima, yolumikizika ndi makina osakanizira kudzera pa chingwe chachitali chosasoloka, yotulutsa mitundu yomwe ili bwino kale, komanso yofanana ndi makamera anzake kuti owonera asaone kusiyana chithunzi chikachoka pa kamera ina kupita pa ina. Mwachidule, filimu imafuna chuma cha chithunzi, pamene kuulutsa pompopompo kumafuna kudalirika.

Sensa

Sensa ndi kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi n'kukusandutsa chithunzi. Kukula kwake kumasintha maonekedwe a chithunzi. Misinkhu yodziwika ndi iyi:

Full frame: mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi.
Super 35: pafupifupi mamilimita 25 m'litali. Uwu ndi msinkhu umene mafilimu ambiri a m'nyumba zoonetsera akhala akugwiritsa ntchito.
Micro Four Thirds: mamilimita 17.3 ndi 13.
Sensa ya 2/3 inchi: pafupifupi mamilimita 9.6 ndi 5.4, yomwe ili m'makamera ambiri akuluakulu a wailesi ya kanema.

Sensa yaikulu imasonkhanitsa kuwala kochuluka, choncho imachita bwino pamalo amdima. Imathandizanso kuti munthu wojambulidwa aoneke bwinobwino pamene zakumbuyo kwake zikuoneka mwachimbuuzi, maonekedwe amene anthu ambiri amawadziwa kuti ndi a filimu. Koma ubwino womwewu umasanduka vuto pa mpira kapena pa siteji. Wosewera akangosuntha pang'ono amachoka pa fokasi, ndipo wojambula amavutika kumutsatira. Sensa yaing'ono imasunga zinthu zambiri pa fokasi nthawi imodzi, ndipo malenzi ake okokera zinthu zakutali ndi opepuka. Ichi n'chifukwa chake nyumba zoulutsira masewera zikugwiritsabe ntchito sensa ya 2/3 inchi.

Masensa ambiri amawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kupita pansi, njira yotchedwa rolling shutter. Kamera ikatembenuzidwa mwachangu, mapolo a magetsi ndi makoma amaoneka opendekeka. Sensa ya global shutter imawerenga chithunzi chonse nthawi imodzi, ndipo vutoli silikhalapo. RED Komodo ya mu 2020 ndi imodzi mwa makamera aang'ono okhala ndi sensa yotereyi.

Lenzi ndi polumikizira pake

Kamera iliyonse ili ndi polumikizira lenzi pa mtundu wake. Sony imagwiritsa ntchito E, Canon ili ndi EF ndi RF, Panasonic ili ndi Micro Four Thirds ndi L, makamera a mafilimu akuluakulu ali ndi PL, ndipo a wailesi ya kanema ali ndi B4. Kusankha polumikizira n'kusankha banja lonse la malenzi. Kamera imakalamba pakapita zaka zochepa, koma lenzi yabwino imagwira ntchito zaka zambiri, motero amene ali kale ndi malenzi a mtundu wina amapindula akasankha kamera yowalandira. Pali zolumikizira zapakati zothandiza kuika lenzi ya EF pa kamera ya E, RF kapena Micro Four Thirds, ngakhale kuti nthawi zina fokasi yodziyendera yokha imachedwa.

Ojambula mafilimu amakonda malenzi osakoka, omwe amalowetsa kuwala kochuluka. Oulutsa pompopompo amafuna lenzi yokoka, makamaka ya mtundu wa parfocal, yomwe sitaya fokasi pamene ikukokera chinthu pafupi kapena kuchibweza kutali. Malenzi ambiri ojambulira zithunzi wamba si a parfocal, ndipo chithunzi chimasokonekera pokoka owonera akuona.

Kuwala ndi mdima

Diso la munthu limaona bwino mkati mwa nyumba ndi kunja kwa zenera nthawi imodzi, koma kamera imalephera: pena kunja kumayera mbee, pena mkati mumada bii. Mtunda wa pakati pa mdima ndi kuwala zimene kamera ingasunge pamodzi umatchedwa dynamic range, ndipo umayezedwa m'ma stop. Stop imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri. Blackmagic imati Pocket Cinema Camera 4K ili ndi ma stop 13.

Kuti zonsezi zisungike, makamera amajambula m'njira yotchedwa log, monga S-Log3 ya Sony, Canon Log ndi V-Log ya Panasonic. Chithunzi cha log chimaoneka chotuwa ndi chopanda moyo mpaka chitakonzedwa pa kompyuta. Pa filimu zimenezi n'zabwino. Pa kuulutsa pompopompo palibe nthawi yokonza, choncho kamera imayenera kutulutsa mitundu yokonzeka kale, nthawi zambiri pa muyezo wa Rec. 709.

Makamera ambiri atsopano ali ndi ISO ziwiri zoyambira, ina ya powala ndi ina ya pamdima. Pocket Cinema Camera 4K ili ndi 400 ndi 3200, pamene Sony FX3 pojambula S-Log3 ili ndi 800 ndi 12,800. Zimenezi zimachepetsa timadontho tooneka ngati mchenga tomwe timabwera pojambula usiku. Masana dzuwa likaswa mtengo, vuto limakhala kuwala kopitirira muyezo, ndipo pamafunika galasi lakuda lochepetsa kuwala lotchedwa ND. Canon EOS C70 ndi Pocket Cinema Camera 6K Pro zili ndi magalasiwa mkati. Pa makamera opanda ND yamkati, galasilo limagulidwa padera n'kumangidwa kutsogolo kwa lenzi.

Kasungidwe ka zithunzi

Vidiyo yosapanikizidwa imadya malo ochuluka kwambiri, choncho kamera imaipanikiza pogwiritsa ntchito njira yotchedwa codec. H.264 ndi H.265 zimatulutsa mafayilo aang'ono, koma zimalemetsa kompyuta pokonza. ProRes, yomwe kampani ya Apple inatulutsa mu 2007, imakonzeka mosavuta koma mafayilo ake ndi aakulu. RAW, monga Blackmagic RAW ndi REDCODE, imasunga zimene sensa yaona zisanakonzedwe, moti wokonza amatha kusintha zambiri pambuyo pake.

Kukula kwa mafayilo si nkhani yaing'ono. ProRes 422 HQ pa 1080p ndi zithunzi 25 pa sekondi imadya magigabaiti pafupifupi 83 pa ola limodzi. Pa 4K ya mapikiselo 3840 ndi 2160 imadya pafupifupi 332. Filimu yojambulidwa maola 20 pa muyezo umenewu imafuna materabaiti opitirira 6, ndipo mafayilo amayenera kusungidwa pawiri kuopa kutayika.

Chinanso ndi kuchuluka kwa ma bit. Chithunzi cha 8-bit chili ndi masitepe 256 pa mtundu uliwonse, cha 10-bit chili ndi 1,024, ndipo cha 12-bit chili ndi 4,096. Masitepe akachepa, thambo la madzulo limaoneka la mizeremizere likakonzedwa. Kampani ya Netflix ili ndi mndandanda wa makamera ovomerezeka pa mafilimu amene imapangitsa yokha, ndipo imafuna sensa yosachepera mapikiselo 3840 m'litali komanso 10-bit kapena kupitirira. Sony FX3, Canon C70, RED Komodo ndi Panasonic BGH1 zili pa mndandandawu.

Pa kuulutsa kudzera pa intaneti, malire amakhala pa netiweki osati pa kamera. Kuulutsa pa liwiro la mamegabiti 5 pa sekondi kumadya magigabaiti 2.25 pa ola. Kamera ya 6K siithandiza owonera ngati netiweki ikungokwanitsa 720p.

Liwiro la zithunzi ndi magetsi

Mafilimu a m'nyumba zoonetsera amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Mawailesi a kanema amatsatira magetsi a dziko lawo. Ku America, komwe magetsi ndi a 60 Hz, amagwiritsa ntchito 29.97 kapena 59.94. Ku Ulaya ndi m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, magetsi ndi a 50 Hz, ndipo muyezo ndi 25 kapena 50. Kamera yosiyidwa pa muyezo wa ku America ikajambula pansi pa nyali zina za magetsi a 50 Hz, chithunzi chimaphethira kapena kuonetsa mizere yoyenda. Mankhwala ake ndi kuika kamera pa 25 kapena 50, ndipo shutter pa 1/50 kapena 1/100. Wogula kamera yochokera kunja ayenera kuona ngati imalola miyezo imeneyi.

Zolumikizira pa kuulutsa pompopompo

Apa ndi pamene makamera ooneka ofanana amasiyana kwambiri.

HDMI imapezeka pa makamera pafupifupi onse. Chingwe chake wamba chimadalirika pa mamita 10 mpaka 15 okha, ndipo sichikhoma, moti munthu akachipunthwa chimasoloka. Polumikizira paching'ono pa micro HDMI sipachedwa kuthyoka. Kamera iyeneranso kutulutsa chithunzi choyera, chopanda manambala ndi zizindikiro za pa sikirini yake.

SDI ndi muyezo wa nyumba zoulutsira kanema. Pulagi yake ya BNC imakhoma ikapotokoledwa, ndipo 3G-SDI imanyamula 1080p mtunda wa mamita pafupifupi 100 pa chingwe chabwino. 12G-SDI imanyamula 4K pa zithunzi 60 pa sekondi, ngakhale pa mtunda wocheperapo. Kamera yopanda SDI imatha kuikidwa kabokosi kosinthira HDMI kukhala SDI, koma kabokosiko kamafunanso magetsi ake, ndipo ndi chinthu chinanso chimene chingalephere.

NDI, yomwe kampani ya NewTek inabweretsa mu 2015, imatumiza vidiyo kudzera pa chingwe cha netiweki ya makompyuta. Makamera ena amalandiranso magetsi pa chingwe chomwecho.

Tally ndi kanyali kosonyeza kamera imene ili pamphepo. Kofiira kamatanthauza kuti owonera akuona kamera imeneyo, kobiriwira kuti ndiyo ikubwera. Popanda kanyaliko wojambula akhoza kugwedeza kamera anthu akuona, ndipo wolankhula sadziwa koyang'ana.

Genlock imachititsa makamera onse kujambula chithunzi chilichonse pa nthawi imodzimodzi, pamene timecode imalemba nthawi pa chithunzi chilichonse kuti zojambula za makamera angapo ndi mawu zigwirizanitsidwe mosavuta pokonza. Makina aang'ono osakanizira amagwirizanitsa okha makamera opanda genlock, koma zimenezi zimawonjezera kuchedwa pang'ono. Kuchedwako kumaonekera pa sikirini yaikulu ya m'holo, milomo ya wolankhula ikamatsalira m'mbuyo mwa mawu ake.

Pomaliza pali kulamulira kamera uli patali. Pa ntchito yaikulu pamakhala munthu mmodzi woyang'anira kuwala ndi mitundu ya makamera onse kuti afanane. Zimenezi zimaphweka makamera ndi makina osakanizira akakhala a banja limodzi. Mwachitsanzo, ATEM Mini imalamulira makamera atsopano a Pocket Cinema Camera ndi kuyatsa tally yawo kudzera pa chingwe cha HDMI chomwecho.

Mawu

Owonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino kusiyana ndi mawu osamveka. Maikolofoni ya mkati mwa kamera imatola phokoso la manja ndi mphepo, choncho siidalirika. Akatswiri amagwiritsa ntchito polowetsera pa XLR, pomwe pamakhoma, pamalola chingwe chachitali popanda kulira kwa magetsi, ndipo pamapereka mavoti 48 amene maikolofoni ena amafuna. Sony FX3 imabwera ndi chogwirira chokhala ndi XLR, pamene Canon C70 ndi makamera atsopano a Pocket ali ndi mini XLR. Polowetsera mahedifoni n'pofunikanso, chifukwa mawu osamvetseredwa pojambula amadziwika kuti alakwika nthawi itatha kale.

Kutentha, batire ndi nthawi yojambula

Kamera yaing'ono ilibe malo okwanira otulutsira kutentha. Canon EOS R5 itatuluka mu 2020 inkasiya kujambula 8K pakatha mphindi pafupifupi 20 chifukwa cha kutentha, ndipo mu 2022 Canon inatulutsa R5 C yokhala ndi fani mkati. Makamera opangidwira vidiyo, monga FX3 ndi C70, ali ndi fani pa chifukwa chomwechi. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ojambula panja m'madera otentha.

Makamera ambiri akale ojambulira zithunzi amaima pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Malirewa anaikidwa chifukwa cha msonkho umene European Union inkalipiritsa pa makamera a vidiyo ojambula mphindi 30 kapena kupitirira. Msonkhowo unatha mu 2019, koma makamera ogulidwa kale akadali nawo malirewo, ndipo ogula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kufufuza.

Timabatire ta mkati mwa makamera ena sitikwanitsa ngakhale ola limodzi. Pa ntchito yaitali kamera imalumikizidwa ku magetsi kapena ku batire lalikulu la V-mount. Kuwerengera kwake n'kosavuta: batire la 98 Wh pa kamera yodya mawati 20 limakhala pafupifupi maola asanu. Kumene magetsi amazimazima, batire lotere limasunga kamera ili yoyaka pamene jenereta ikulizidwa. Makampani a ndege amalola mabatire osapitirira 100 Wh m'chikwama cha m'manja popanda chilolezo chapadera, n'chifukwa chake mabatire ambiri amapangidwa ochepera pang'ono pa muyezowu.

Zitsanzo za makamera

Blackmagic Pocket Cinema Camera 4K, ya mu 2018, ili ndi sensa ya Four Thirds, imajambula Blackmagic RAW ndi ProRes, ndipo inayamba kugulitsidwa pa madola 1,295. Ilibe SDI, ndipo fokasi yake siitsatira yokha munthu woyenda.

Canon EOS C70, ya mu 2020, ili ndi sensa ya Super 35, polumikizira pa RF ndi ND yamkati. Imatulutsa chithunzi kudzera pa HDMI yokha.

Panasonic BGH1, ya mu 2020, ndi kabokosi kopanda sikirini, kokhala ndi SDI, genlock, timecode ndi polowetsera chingwe cha netiweki. Inapangidwira ntchito za makamera angapo.

Sony FX3, ya mu 2021, ili ndi sensa ya full frame, imajambula 4K mpaka zithunzi 120 pa sekondi, imachita bwino pamdima ndipo fokasi yake imatsatira nkhope yokha. Ilibe SDI kapena ND yamkati. FX30 ya mu 2022 ili ndi thupi lofanana, sensa ya Super 35 ndi mtengo wotsikirapo.

Blackmagic Micro Studio Camera 4K G2, ya mu 2023, ili ndi 12G-SDI ndi tally, ndipo inapangidwira kulamuliridwa ndi makina a ATEM.

Mtengo weniweni ndi kasankhidwe

Mtengo wolembedwa pa kamera ndi wa thupi lokha. Kuti igwire ntchito pamafunika lenzi, makhadi othamanga monga CFexpress, CFast kapena SD ya V90, mabatire, choimikira cha miyendo itatu, maikolofoni, nyali, zingwe, ndi kompyuta yokwanitsa kukonza mafayilo ake. Zonsezi pamodzi nthawi zambiri zimafanana ndi mtengo wa kamerayo kapena kuupitirira. Kwa ogula kuchokera kunja pamawonjezeka ndalama zotumizira, msonkho wa pachipata ndi funso la komwe kamera ingakakonzedwe ikawonongeka.

Pa filimu, zofunika kuziika patsogolo ndi dynamic range, 10-bit kapena RAW, ND ndi malenzi abwino. Pa kuulutsa pompopompo, zoyamba ndi SDI kapena HDMI yoyera, kujambula kosalekeza, magetsi akunja, tally ndi lenzi yokoka. Gulu loulutsa zochitika limapindula kwambiri ndi makamera atatu ofanana a mtengo wapakati kusiyana ndi kamera imodzi yodula, chifukwa kamera imodzi siingaonetse wolankhula ndi omvera nthawi imodzi. Wojambula yekha wogwira ntchito zonse ziwiri nthawi zambiri amasankha kamera ya fokasi yodalirika yokhala ndi fani, n'kuwonjezera kabokosi ka SDI pa tsiku loulutsa. Kumene kuli malo obwereketsa zipangizo, akatswiri ambiri amabwereka kamera tsiku limodzi n'kuiyesa pa ntchito yeniyeni asanagule.